Mmene Ndinasandukira Malume wa Amidu

Mayi anga ankati ndinabadwa ndi funso m'kamwa. Ana anzanga akaona njinga ankapempha kukwera, ine ndinkagwada pansi kufuna kudziwa chimene chimagwira tcheni kuti chisagwe. Khalidwe limeneli landipezetsa makofi ambiri, koma paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine phula sindinadyepo. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadabwe mukamva kuti munthu wothyola malalanje ngati ine anakalowerera nkhani za malamulo a ntchito ku Joni.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu, tsidya lino la nyanja ya Chiuta, kuchokera ku Malawi kumene tinathawira. Minda tinaipeza itasanduka tchire, ndipo mitengo ya mango ndi imene inationetsa pamene panali nyumba yathu. Ndinalima zaka ziwiri, koma mwana wanga wamkazi, Luwiza, atafika poyamba eskola, sukulu m'chinenero cha kwathu, analibe ngakhale diresi loti n'kuimira pa anthu. Zinandiwawa kwambiri. Ndinauza mayi ake kuti ndikupita ku Joni.

Sindinapite ndekha. Ndinanyamuka ndi Amidu, msodzi wa kunyanja, Myao, Msilamu, wocheperapo kwa ine ndi zaka zingapo, amene anasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Pa siteshoni ya Entre Lagos anatiperekeza amalume ake, Che Bwanali, mkulu wamtali wa manja okhakhala ndi nkhafi. Anamupatsa Amidu phukusi la matemba, kenako anandikokera ine pambali.

"Mumuyang'anire ameneyu," anatero. "Manja ali nawo, koma pakamwa mulibe kanthu."

Ndinaseka, ndinkaganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Komboyo, sitima ya pamtunda ija, inatifikitsa ku Liwonde, ndiye kuchokera pamenepo matola okhaokha, Mwanza, Tete, dziko lonse la Zimbabwe, mpaka tinawoloka Limpopo miyendo itatupa.

Ntchito tinaipeza pa famu ya malalanje. Tinkagona pa komponi, anthu anayi chipinda chimodzi. Malalanje a kumeneko amapsa nthawi yozizira, ndiye m'mawa umakwera makwerero zala zitauma, chikwama chili pachifuwa, minga ikukukanda m'manja. Aa, kuzizira kwa kumeneko musakufunse! Lamlungu tinkasonkherana n'kugula nkhuku, ndipo wozinga anali Amidu nthawi zonse kuti tonse tidyere mbale imodzi. Kumudzi ndinatumiza mabulangete, kenako njinga, kenako malata, kudzera kwa dalaivala wina wa ku Liwonde.

Mwini famu anali mzungu wofiira nkhope, tinkamutcha Kamvuluvulu. Zaka zoyambazo lamulo la pa famu linali chala chake. Ukachedwa, ukathyola nthambi, ngakhale kungomuyang'ana molakwika, chala chinkaloza ku geti, basi ntchito yatha. Palibe ankafunsa chifukwa, ndipo ngakhale ine wamafunsone pamenepo ndinkatseka pakamwa.

Kenako zinthu zinayamba kusintha mwakachetechete. Pa khoma la shedi yopakira malalanje panamatidwa chipepala chachikulu cha malamulo atsopano a ntchito. Anzanga ankangochidutsa. Ine Chingerezi ndinachitola ku Malawi, pamene ndinkasesa m'sitolo ya mmwenye nthawi ya uthawa, ndiye pa nthawi ya chakudya chamasana ndinkaima pamenepo, buledi m'manja, n'kumachiwerenga liwu ndi liwu. Posakhalitsa tinamva kuti mzungu wa famu yoyandikana anathamangitsa woyendetsa thirakitala, munthuyo n'kukadandaula ku bwalo la nkhani za ntchito ku tauni, ndipo bwalolo linalamula kuti abwezeredwe pa ntchito. Sitinakhulupirire mpaka tinamuona ndi maso athu akudutsa pa msewu pa thirakitala yomwe ija, akutikwezera chipewa.

Kuyambira pamenepo chala cha Kamvuluvulu chinadwala. Chinkanyamuka ndithu, koma chikafika pakati chinkakhota n'kukakanda m'mutu. Analemba ganyu mayi wina wa ku tauni, munthu wakuda ngati ife, wovala magalasi, amene ntchito yake inali kulangiza mabwana kuti asagwe m'milandu ndi antchito awo. Nthawi imeneyo ine anali atandisuntha kuti ndizisesa mu shedi ndi mu ofesi, ndiye tsiku lina mayiyo akudikira bwana, ndinalephera kupirira.

"Pepani mayi, kodi lamulo latsopanoli likuletsa kuchotsa munthu ntchito?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ayi, sililetsa. Limangofunsa zinthu ziwiri: chifukwa ndi njira. Chifukwa chikhale chomveka, ndipo munthuyo amvedwe kaye asanachotsedwe. Bwana akhoza kukhala ndi chifukwa chachikulu bwanji, koma akaphonya njira wagwa."

"Nanga bwalo la ku tauni lija lili ndi apolisi angati?"

"Lili ndi tebulo ndi mapepala basi."

Ndinagwira pakamwa. Munthu wa mfuti zitatu ndi agalu aakulu ngati ana a ng'ombe, kuopa tebulo! Nkhani imeneyi ndinakaifotokoza ku komponi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayiyo tinkamutcha Mayi Njira.

Kalata ya maliro inabwera pakati penipeni pa nyengo yothyola. Che Bwanali anali atamwalira. Asilamu amaika tsiku lomwelo, ndipo kalatayo inayenda milungu itatu, choncho chimene chinatsala chinali sadaka ya masiku makumi anayi. Amidu ndiye anali mwana wamkulu wa mlongo wawo, woyenera kukalandira mbumba. Anandipempha kuti ndimuperekeze ku ofesi kukapempha chilolezo chopita, ndikamumasulire.

Kamvuluvulu sanakalipe. Anatitengera pa chipepala chija n'kuloza ndi chala. Lamulo linkapereka masiku atatu ngati wamwalira mkazi wako, mwana, mdzukulu, bambo, mayi, kholo lokulera, agogo, kapena m'bale wako wa bere limodzi. Malume panalibepo. Ndinawerenga kawiri, ndikuganiza kuti mwina maso anga adumpha mzere, koma panalibedi.

Ndinamumasulira Amidu. Anayang'ana chipepalacho nthawi yaitali ngakhale sankadziwa kuwerenga.

"Achimwene, amene analemba zimenezi, mayi ake analibe mlongo?"

M'mawa mwake bedi lake linali lopanda munthu. Anakhala milungu isanu.

Tsiku limene anabwerera, tsoka lake anakumana ndi Kamvuluvulu pa geti penipeni. Malalanje ambiri anali atagwera pansi chaka chimenecho chifukwa cha kuchepa kwa manja, ndiye chala chija chinachira mwadzidzidzi. "Choka! Ndisakuonenso!" Amidu anangotembenuka. Anakakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, chikwama chake pamiyendo, ndipo madzulo tinamupititsira chakudya komweko.

M'mawa mwake kagalimoto ka Mayi Njira kanafika. Ine ndinkasesa khonde la ofesi, ndipo ndikuvomera, khonde limenelo ndinalisesa katatu. Ndinamva mayiyo akunena kuti, "Chifukwa muli nacho, koma mwamuchotsa osamumva. Akangofika ku tauni ndi nkhani imeneyi mwagwa. Pitani mukamutenge." Patapita kanthawi tinaona Kamvuluvulu akuyendetsa yekha pikapu yake mpaka pa mtengo paja, n'kumutsegulira Amidu chitseko cha kutsogolo. Anthu onse m'munda anaima pa makwerero kuonerera.

Anamupatsa kalata yoti pakatha masiku atatu padzakhala kumva mlandu wake, ndipo ali ndi ufulu wobwera ndi womasulira komanso mnzake wa pantchito womuimira. Womasulira ndinali ine. Za womuimira Amidu sanasankhe aliyense.

Mu ofesi munali tebulo ndi mipando inayi. Mayi Njira anakhala kumutu, Kamvuluvulu mbali iyi, ine mbali inayo. Mpando wachinayi unali wa Amidu, koma iye anakana kuukhalira. Ananjuta pafupi ndi chitseko, kofia m'manja, maso pansi. Bwana ananena mbali yake: anakanizidwa, anapita, milungu isanu, nyengo yothyola. Zonse zinali zoona. Kenako mayiyo anati, "Amidu, tsopano ndi nthawi yako. Tiuze mbali yako."

Zii.

Ndinamasulira kachiwiri. Zii. Mayiyo anafunsanso kachitatu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Muuzeni kuti akapanda kuyankha ndilemba kuti anapatsidwa mpata koma analibe mawu. Pamenepo njira yakwanira, ndipo bwana ali ndi ufulu womuchotsa."

Mtima unandiphulika. "Iwe Amidu, yankhula! Ntchito ikupita iyi! Mbumba wakalandira ija uidyetsa chiyani, mchenga?"

Anayankha motsitsa, osadzutsa mutu. "Achimwene, munaonapo kuti kwathu munthu wa mlandu akudziyankhulira yekha pa bwalo? Ndine galu ine, wopanda mwini? Wondiyankhulira ndi amene ndakamuchitira sadaka."

Apo m'pamene ndinakumbukira mawu a Che Bwanali pa siteshoni. Ndinawafotokozera awiriwo kuti kwathu munthu wa mlandu amakhala pansi chete, amanong'oneza malume ake, ndipo malumeyo ndi amene amaimirira. Kudziyankhulira wekha ndi chipongwe, kuli ngati kunena kuti unaphuka pa mtengo. Kamvuluvulu anapukusa mutu, koma Mayi Njira anavula magalasi. Ndinaona kuti nayenso ndi wa matenda anga omwewa, a mafunso.

"Ndiye malume akamwalira, munthu sayankha mlandu?"

"Pamakhala wina wolowa m'malo, mayi."

"Lamulo likuti akhoza kuimiridwa ndi mnzake wa pantchito," anatero pang'onopang'ono. "Silinanene kuti mnzakeyo asakhale malume."

Ndinanyamuka pa mpando, ndinakanjuta pambali pa Amidu, n'kumutchera khutu. Poyamba anazengereza. Kenako anayamba kunong'ona, ndipo zimene anandiuza sindinkazidziwa ngakhale tinagona chipinda chimodzi zaka zonsezo. Nkhondo itafika kumudzi kwawo, bambo ake anatengedwa kukasenza katundu ndipo sanabwerere. Mayi ake anamwalira chaka chomwecho. Che Bwanali ndi amene anamugoneka m'bwato, n'kumufunditsa ukonde, n'kupalasa kuwoloka Chiuta mpaka tsidya la Malawi. Ndi iwo anamudyetsa, anamuvinira jando, anamuphunzitsa nkhafi, anakamufunsirira mkazi.

Ndinaimirira. Chingerezi changa ndi chothyokathyoka, koma tsiku limenelo chinayenda. Ndinati munthu uyu sakukana kuti anachoka atakanizidwa. Ndinati pa zaka zonse wagwira pano sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinati pa chipepala chanu pali mawu akuti kholo lokulera, ndiye ndiuzeni, ngati Che Bwanali sanali kholo lokulera, kulera n'kutani?

Mayi Njira anatembenukira kwa bwana. "Pepala la boma lotsimikiza kulerako alibe, ndipo milungu isanu si masiku atatu. Walakwa ndithu. Koma a ku tauni angafune kuimva nkhani ya bwatoyi, ndipo adzafunsa ngati kumuchotsa ndi chilango chokhacho chimene munali nacho kwa munthu wosajombapo. Sindingakulonjezeni kuti mukapambana."

Kamvuluvulu anakanda m'mutu nthawi yaitali. Mapeto ake Amidu anapatsidwa chenjezo lomaliza lolembedwa, anadinda chala, ndipo m'mawa mwake anali pa makwerero. Titatuluka panja anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, amalume."

Ku komponi anaseka mpaka misozi, Mkhristu kukhala malume wa Msilamu. Koma Amidu sankachita nthabwala. Sananditchulenso achimwene, ndipo mkazi wake atabereka mwana wachiwiri, kalata inabwera yopempha kuti dzina nditchule ine.

Nditabwerera kumudzi kotheratu ndinapeza kuti malo anga anthu anawadzaza kale. Munda wa kudambo mng'ono wanga anali ataubzala mpunga wake, ndipo anandilandira ngati mlendo wodzapempha mbewu. Mkazi wanga anali atazolowera kugamula zonse yekha. Luwiza, amene ndinamusiya wopanda diresi, anali namwali wamkulu woyankhula Chipwitikizi chothamanga, ndipo pondipatsa madzi ankagwada patali ngati ndine apongozi. Ndinaona kuti pakhomo sindikwanapo, ndiye ndinagula injini n'kutsegula chigayo pa Entre Lagos. Patapita zaka ziwiri Amidu nayenso anabwerera, ataonda, ndipo ndinamulemba ntchito yoyendetsa injiniyo. Anthu anayamba kunditcha patarau, kutanthauza bwana, ndipo kunena zoona dzinalo linkandikomera.

Tinagwira bwino zaka zambiri. Ndiye tsiku lina la msika, azimayi atandanda ndi matumba mpaka ku njanji, injini inalira kulira kwachilendo n'kuima. Makaniko wochokera ku Cuamba atatsegula anasolola ndodo yoyezera oyilo n'kundionetsa. Inali youma gwa. Kuyang'ana oyilo m'mawa uliwonse inali ntchito ya Amidu, ntchito yoti ngakhale wakhungu angaigwire, ndi mmene ndinakuwira pamaso pa anthu onse. Ndinangoona dzanja langa lanyamuka, chala chikuloza ku msewu.

"Choka! Ndisakuonenso!"

Anatola kofia yake n'kumapita.

Loweruka Luwiza anabwera kuchokera ku Cuamba, kumene amagwira mu ofesi yosunga mapepala a antchito. Atamva nkhaniyi kwa mayi ake anadzakhala pansi pafupi nane.

"Papa, lamulo la ntchito la kuno nalonso analikonzanso. Simungangoloza msewu. Muyenera kumulembera nota de kulpa, pepala lonena mlandu wake, ndipo mumupatse masiku oti ayankhe. Akapita ku inspesau, kwa oyendera ntchito aja, mulibe poimira."

Matenda anga aja anadzuka, ndinayamba kufunsa kuti lamulolo likufanana pati ndi la ku Joni, masiku oyankha ndi angati, ngakhale kachigayo ka munthu mmodzi kakuwerengedwa. Anandiyankha zonse. Pomaliza ndinati, "Koma usavutike, mwanawe. Amidu sangapite ku inspesau. Ndimamudziwa, sangatsegule pakamwa."

"Ndiye mwamuthamangitsa chifukwa mukudziwa kuti sangayankhule?"

Ndinachita manyazi oopsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinkamuseka Kamvuluvulu zaka zonsezo, chonsecho chala chake ndinabwera nacho m'chikwama pamodzi ndi mabulangete. Luwiza analemba pepalalo, ine ndinasayina, ndipo analipititsa yekha pa njinga kunyanja.

Pa tsiku loyankha ndinaika tebulo kuseri kwa chigayo. Ndinakhala pa mpando wanga wa patarau, wa mikono uja, Luwiza pambali ndi cholembera. Mkwiyo unali usanathe, injini inali ikadali m'zidutswa pa chiguduli. Amidu anafika, anaudutsa mpando umene tinamuikira, n'kukanjuta pafupi ndi khoma, kofia m'manja. Luwiza anawerenga mlandu, kenako ndinati, "Chabwino, tiuze mbali yako."

Zii.

"Amidu, usayambe zako zija. Yankhula, oyilo unamusiya bwanji?"

Zii.

Ndinamenya tebulo. "Ukapanda kuyankha mwanayu alemba kuti unalibe mawu, ndipo zathera pomwepo! Ukumva?"

"Ndikumva, amalume," anatero, maso ali pansi. "Koma wondiyankhulira wakhala pa mpando wa bwana."

Luwiza anasiya kulemba. Kenako ndinanyamuka, mawondo akulira, ndinazungulira tebulo n'kukanjuta pambali pake mu fumbi la gaga. Ndinamutchera khutu.

"Maso, amalume," ananong'ona. "Kuyambira dzinja lapitali pali nkhungu. Ndodo ija ndimaisolola m'mawa uliwonse, koma mzere sindiuona. Ndimangoyerekeza. Ndinaopa kuti mukadziwa mundiuza ndikakhale kunyumba."

Ndinamuyang'ana pafupi kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri. M'maso mwake munali moyera ngati madzi otsukira mpunga. Munthu ndinkaonana naye tsiku ndi tsiku, ine wofunsa za tcheni cha njinga, ine wofunsa za apolisi a ku tauni, osafunsa ngakhale kamodzi chifukwa chimene anayambira kupapasa chitseko polowa. Ndipo ndinamukuwira za wakhungu pamaso pa msika wonse. Misozi inandibwera, sindibisa.

Ndinaimirira, ndinavula chipewa, n'kuyang'ana mpando wanga wopanda munthu uja.

"Patarau," ndinatero, "munthu uyu sakukana kuti injini yafa m'manja mwake. Koma ndikufunseni, inu amene muli ndi maso awiri, munali kuti?"

Mpandowo sunayankhe. Luwiza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa kuti, "Papa, ndilembe kuti chiyani?"

"Lemba kuti bwana anapatsidwa mpata koma analibe mawu."

Diso limodzi anakalikonza ku chipatala, linalo linakana. Amidu akadali pa chigayo, amalandira matumba ndi kusunga mzere wa azimayi, ndipo onse amawadziwa ndi mawu. Oyilo ndimayang'ana ndekha m'mawa uliwonse, iye ataima kumbuyo kwanga kufunsa ngati wafika pa mzere.